Injini yosekenda ya NPR, wogulitsa akuti ndi 4HG1

Sipanala17: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Isuzu NPR ya kasitomala, injini yake ya 4HF1 inaboola buloko. Tapeza injini yosekenda, mwini wake akulumbira kuti ndi 4HG1, koma kapepala ka dzina la injini ka pa kava (chivindikiro cha pamwamba pa injini) kanachoka. Yatsukidwa, yapentedwa, ili pansi pa thayala. Ndiizindikira bwanji, ndipo ikalowa osavuta?

MadalaWaDizilo: Achimwene, poyang'ana ndi maso awiriwa simungawasiyanitse msanga. 4HF1 ndi malita 4.3, 4HG1 ndi 4.6. Sitiroko (mtunda womwe pisitoni imayenda) ndi imodzi, 110 mm, kusiyana kuli pa kukula kwa silinda, 112 mm ndi 115 mm. Kava munthu amasintha tsiku lililonse, ndiye musaidalire. Palani penti pa buloko mupeze nambala yodindidwa pa chitsulo. Mukaona kuti padutsa gulayinda, nyamukani muzipita. Injini yofufutidwa nambala idzakuvutani posintha mapepala a galimoto, mwinanso ndi yakuba.

Sipanala17: Nambala ndaipeza, madala, siinakhudzidwe. Ndi 4HG1 ndithu, yopanda turbo.

MayiWaMainjekita: Musanakondwe, onani pampu ya dizilo. Ili ndi kebulo ya mafuta ndi waya wozimitsira basi, kapena yatuluka mtolo wa mawaya? Zina zimayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo ngati wogulitsa sanakupatseni kompyutayo ndi mawaya ake, mudzakhalira kupukusa sitata. Onaninso ngati sitata ndi olutaneta zili za 12V kapena 24V, zigwirizane ndi galimotoyo.

MadalaWaDizilo: Apo mwalasa, mayi. Koma ine chikundidetsa nkhawa ndi pentiyo. Wotsuka injini asanagulitse nthawi zambiri amabisa pomwe ikudontha. Yambani ndi kuizunguza pamanja maulendo awiri athunthu, isagwire penapake. Kenako muilize ili yozizira, ndipo mufike inuyo poyamba, muigwire ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, dziwani kuti aitenthetsa dala chifukwa m'mawa imavuta kulira. Utsi woyera wa kanthawi kochepa si mlandu. Woyera wosatha ndi mainjekita, taiming'i kapena madzi akulowa mu silinda. Wabuluu ikudya oyilo. Ikulira choncho, tsegulani chivindikiro cha oyilo muchikhazike pakamwa pake osamanga. Chikamangonjenjemera palibe vuto, koma chikamakankhidwa ndi mpweya uku utsi ukufuka, maring'i a pisitoni kapena malaina a m'kati mwa silinda atha.

Giyabokosi5: Ine pansipo sindiliza nthawi yaitali popanda rediyeta. Lumikizani madzi, itenthe bwino, muone ngati m'madzimo mukutuluka thovu. Oyilo puresha muyeze ndi geji yamanja injini itatentha, poti ikazizira ngakhale yotheratu imaonetsa bwino, makamaka akaithira oyilo wolimba.

MayiWaMainjekita: Kompuresheni musaiwale. Masilinda onse anayi ayandikane, imodzi ikatsalira kwambiri pali nkhani. Ndipo dulani fyuluta ya oyilo mutambasule pepala lake padzuwa. Tizitsulo tonyezimira ndi mabeyaring'i amenewo.

Sipanala17: Pampu ndi ya kebulo, magetsi 24V ngati galimoto yathu. Yalira yozizira, utsi unatha msanga, chivindikiro sichikuuluka. Koma wogulitsa akukana kuti nditsegule sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini), akuti ndiononga gasiketi.

MadalaWaDizilo: Gasiketi ya sampu ndi kanthu kanji poyerekeza ndi kulanki, shafiti yaikulu yozunguzidwa ndi mapisitoni? Muuzeni kuti mugula nokha yatsopano. Sampuyo muyenera kuichotsabe, chifukwa ikasiyana maonekedwe ndi yakale mudzaika yanu pamodzi ndi paipi yake yokokera oyilo. Mukatsegula, masulani beyaring'i imodzi ya kondirodi (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kulanki) muione, mukankhenso kulanki kutsogolo ndi kumbuyo kuti muone ngati ikusewera.

Giyabokosi5: Ndipo injini yakufayo musaitaye msanga. Mamaunting'i, fulaiwilo, manifodi ndi masensa muziyerekeza chimodzichimodzi, zina mudzasamutsa. Kilatchi ikani yatsopano injini ikadali pansi.

Sipanala17: Wavomera, bola gasiketi ikhale yanga. Mawa nditsegula sampu ndi kuyeza kompuresheni, ndidzaponya zithunzi za beyaring'i muno kasitomala asanapereke ndalama.