Mikanda yanga ya turquoise yasiya utoto pakhosi pa kasitomala, mwala weniweni mumaudziwa bwanji?

Wongoyamba_kumene:
Abale ndithandizeni. Ndakhala ndikutunga mikanda kwa miyezi 8 tsopano, poyamba ndimangopanga ya galasi ndi ya pulasitiki koma kenako ndinati ndiyeseko ya miyala poti makasitomala amaifunsa kwambiri. Ndiye ndinagula zingwe za mikanda ya buluu yokhala ndi timizere takuda, wogulitsayo anandiuza kuti ndi turquoise, ndinapanga mkanda wa m'khosi wokongola zedi nkugulitsa kwa mayi ena. Sabata isanathe mayi aja andiimbira kuti khosi lawo ndi kolala ya bulauzi zachita buluu, ndipo ngati izo sizokwanira ulusi waduka mikanda yonse mbwee pansi. Ndalama ndawabwezera koma mtima ukundiwawabe chifukwa ine ndinawatsimikizira kuti ndi mwala weniweni. Mumadziwa bwanji musanagule? Nanga ulusi woti usamaduke ndi uti? Ine ndinagwiritsa wa nayiloni womwe ndimatungira ya galasi uja.

MwalaWapepo:
Pepani achemwali, zimenezi zinandichitikirapo ineyo chaka changa choyamba ndipo ndikudziwa mmene zimawawira. Mmene mwafotokozeramu ndikuganiza kuti anakugulitsani howlite wonyika mu utoto. Howlite ndi mwala ndithu, si pulasitiki, koma mwachilengedwe ndi woyera wokhala ndi timizere totuwa kapena takuda tija, ndiye poti amamwa utoto mosavuta anthu amamunyika mu buluu nkumamutchula kuti turquoise, mwala wina woyera wotchedwa magnesite naye amamuchita chimodzimodzi. Tengani kathonje muviike mu acetone, mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo aja, mupukute mkanda umodzi mwamphamvu, thonje likachita buluu basi yankho mwalipeza. Komanso suzumirani m'bowo mwa mkandamo, nthawi zambiri utoto sulowa mpaka mkati ndiye mumaona kuyera. Ine masiku ano ndikagula chingwe chatsopano ndimalolera kuphwanya mkanda umodzi ndi hamala kuti ndione mkati, kutaya umodzi ndi bwino kusiyana ndi kutaya kasitomala.

China choti muphunzire ndi kulimba kwa miyala. Pali sikelo yomwe anakonza Friedrich Mohs mu 1812, imayambira pa 1 mpaka 10, diamondi ndiye ali pa 10, quartz pa 7, galasi ndi mpeni wamba zili chapa 5 ndi theka, chikhadabo chathu chapa 2 ndi theka. Howlite ali chapa 3.5 pomwe turquoise ali pakati pa 5 ndi 6, ndiye mukakanda howlite ndi nsonga ya mpeni amakandika msanga nkuoneka ufa woyera. Turquoise weniweni buluu wake amachokera ku mkuwa umene uli mkati mwa mwalawo, wodziwika kwambiri amakumbidwa ku Iran kufupi ndi Nishapur komanso ku Arizona, ndipo ngakhale weniweniyo wambiri amamuthira resin, mankhwala ouma ngati pulasitiki, kuti alimbe chifukwa naye ndi womwa zinthu, mafuta odzola ndi thukuta zimatha kumusintha kukhala wobiriwirako. Mukaona chingwe chonse mikanda yake ndi yofanana ndendende, buluu wowala mofanana paliponse, mtengo nkukhala wongosiyana pang'ono ndi wa galasi, kaikirani.

NsinganoNdiUlusi:
Ine ndiyankhe za ulusizo. Vuto si nayiloni yekha ayi, vuto ndi mabowo. Mikanda ya galasi mabowo ake amakhala osalala koma ya miyala amaiboola ndi makina, nthawi zina kuchokera mbali zonse ziwiri nkukumana pakati, ndiye m'mphepete mumatsala mwakuthwa ndipo munthu akamayenda mwala umacheka ulusi pang'onopang'ono, kuwonjezera apo miyala ndi yolemera. Pa mkanda wa m'khosi gwiritsani waya wotungira uja wa timawaya tachitsulo topota pamodzi nkukutidwa ndi nayiloni, alipo wa timawaya 7, wa 19 ndi wa 49, wa 49 ndiye wofewa umagona bwino pakhosi, wa 7 umapindika nkusiya makwinya osathekanso kuwongola. Kumapeto mumatseka ndi tima crimp tija tofinya ndi pulayala, ndipo musakoke kwambiri, siyani kampata kakang'ono kuti mkanda uzitha kupinda, apo ayi umauma gwaa ndipo umadukira pa huku pomwepo. Pezaninso bead reamer, kachitsulo kosongoka kokhakhala kopalira m'mabowo, muzipala mkanda uli m'madzi kuti usang'ambike komanso fumbi lisakuloweni.

Ngati mukufuna ulusi ndithu ndiye mangani mfundo pakati pa mkanda uliwonse ngati mmene amachitira ndi ngale, zimatenga nthawi koma ukaduka umagwa mkanda umodzi kapena iwiri basi osati yonse, komanso miyala siikhulana. Zibangili za lasitiki ine ndimagwiritsa wa 0.8 mm kapena 1 mm, ndimayamba ndamukoka kangapo ndisanatunge kuti asadzatamuke pa dzanja la munthu, mfundo ndimaidontheza kaguluu nkuibisa m'bowo la mkanda. Pa dzanja la munthu wamkulu mikanda ya 8 mm imalowa 22 kapena 23.

Wongoyamba_kumene:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayesa acetone uja thonje lachita buluu pompo, ndaphwanyanso umodzi mkati ndi moyera mbee. Tsono ndatsala ndi zingwe ziwiri za mtundu womwewo, ndingozitaya? Komanso ndili ndi amethyst, citrine ndi ina yofiirira yonyezimira ngati muli timchenga tagolide yomwe anati ndi goldstone, panopa ndayamba kukaikira zonse.

Agogo_a_mikanda:
Musataye mwanawe. Itsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa kangapo mpaka madzi asiye kusintha mtundu, muipukute ndi nsalu yoyera yonyowa muone, ikamachuchabe ipangireni zinthu zosagunda khungu ngati zokolekera makiyi, ikasiya pangani ndolo kapena zibangili koma muzinena dzina lake kuti uyu ndi howlite wonyika utoto. Ine ndimagulitsa howlite wonyika komanso woyera wosanyika, ndipo woyerayo anthu amamukonda kwabasi akamusakaniza ndi mikanda yakuda. Agate wa pinki wowala kapena wa buluu wowala mumamuona uja nayenso ndi wonyika, ntchito imeneyi ndi yakalekale, ku Idar-Oberstein ku Germany anatchuka nayo, ndiye palibe chochititsa manyazi bola wogula akudziwa chomwe akulipira.

Goldstone ndi galasi, amasungunula nkuikamo timkuwa ting'onoting'ono ndiye tonyezimira mukutionato, sakumbidwa pansi ayi. Opalite wamkakamkaka uja ndi galasinso, cherry quartz chimodzimodzi, ndipo hematite amene amamata mwamphamvu ngati maginito ndi wopanga kufakitale. Zonsezi ndi zokongola ndipo ndimazitunga, kungoti sindizitchula miyala yachilengedwe.

Amethyst wanuyo muyang'aneni pa kuwala ndi kagalasi kokulitsa zinthu, mukaona timathovu tozungulira mkati ndiye kuti ndi galasi. Weniweni ndi quartz, ali pa 7 pa sikelo anena anzathuwa, ndiye amakanda botolo pomwe mpeni sumukanda, ndipo pepo wake kawirikawiri safanana paliponse, pena wakuda pena wotumbuluka mu mkanda umodzi womwewo. Wambiri amachokera ku Brazil, Uruguay ndi Zambia. Citrine ndiye nkhani yake ndi yakuti wochuluka amene ali pa msika ndi amethyst yemweyo wowotcha, akamutenthetsa kwambiri pepo uja amasanduka chikasu kapena olenji, ndi quartz ndithu si feki, koma citrine wachilengedwe ndi wosowa ndipo chikasu chake chimakhala chofatsa. Amethyst musamuyanike padzuwa tsiku ndi tsiku pogulitsa, amasuluka, ine ndinaononga zibangili zanga zingapo pa windo ndisanadziwe.

MwalaWapepo:
Agogo anena zoona. Ndiwonjezere za mahuku ndi timawaya ta ndolo poti mayi aja khungu lawo lavutika kale, zitsulo zotchipa zambiri zimakhala ndi nickel ndipo anthu ena amatuluka nazo ziwengo, siliva weniweni amakhala ndi chidindo cha 925 ngakhale chidindo chokha musachikhulupirire kwambiri, yesani ndi maginito, siliva sakokedwa. Ndipo mukadzagula malachite, wobiriwira wa mizere yozungulira uja, ndi wofewa chapa 4, sagwirizana ndi viniga kapena pefyumu, ndipo fumbi lake musalipume pomupala chifukwa muli mkuwa wambiri.

Wongoyamba_kumene:
Amethyst wakanda botolo ndipo mulibe timathovu, mtima wakhalako m'malo. Howlite uja wasiya kuchucha nditatsuka kanayi. Waya wa 49 ndikangoupeza ndiwapangira mayi aja mkanda wa amethyst ameneyu ndikawapatse ndekha. Agogo, pa mikanda ya 6 mm mfundo zapakati zija mumamanga ndi ulusi umodzi kapena wophatikiza uwiri?