Mankhwala a ululu akumatha tsiku lisanakwane, ndichite bwanji abale?

Membala wosadzitchula: Abale ndithandizeni mutu wanga waima. Chaka chachitatu chino ndikuvutika ndi msana, ululu wake umayambira m'chiuno kutsika mwendo wamanzere ngati wina akundibaya ndi waya wamoto, usiku ndimangokhala pampando mpaka tambala kulira. Kuchipatala anandiika pa mankhwala amphamvu aja oti kufamase sakupatsa opanda pepala la dokotala, koma miyezi iwiri ino akumatha tsiku lobwerera lisanakwane ndiye masiku otsalawo thukuta, kuyasamula kosalekeza, m'mimba kupota. Kunyumba nako alamu anga anabwera kuchokera ku Dedza ati sabata imodzi, pano mwezi wachinayi, ndipo akumauza anthu kutchalitchi kuti ndimanamizira kudwala kuti ndisachape. Alandilodi akweza lendi. Kombi ya ku Mabvuku kuno ku Harare mabampu ake ndimafika mutauni ndikulira. Ndingowasiya mankhwalawa kapena?

Abanda: FUNSANI ANA M'NYUMBAMO MAYI!! Botolo silitha lokha. Ife kuno ku Mbare tikuona anyamata ndi bronco, mankhwala a chifuwa aja amamwa kuti aledzere, kumangosinza pakona ngati nkhuku zachitopa. Muli ndi mnyamata pakhomopo?

Nangozo: Mayi pepani ndi ululuwo, ine ndine namwino. Mankhwalawo dzina lake ndi chani ndipo mumamwa kangati patsiku? Morphine wamadzi nthawi zambiri ndi maola 4 aliwonse, mapilitsi ochedwa kusungunuka aja maola 12 ndipo satafuna kapena kuphwanya. Thukuta ndi kuyasamulako ndi thupi loti linazolowera ndiye lasowa mankhwala mwadzidzidzi. Chonde musasiye nokha, amachepetsa pang'onopang'ono ndi dokotala.

Anaphiri: Eee mwandikumbutsa malemu bambo a kwathu, khansa ija. Ndi mankhwala amenewa ululu unkatsika ndithu koma chimbudzi ndiye ayi, masiku 6 osapita munthu mimba gwa, tinayesa mapapaya tinayesa madzi ofunda mpaka anatilembera lactulose, mankhwala ofewetsa chimbudzi. Abale awo ngakhale mmodzi wobwera ndi sopo, koma pamaliro kulimbirana firiji.

Abanda: Anesi inu mumangodziwa za maola. Mwana wa mchemwali wanga anagulitsa mbaula ya mayi ake chifukwa cha zomwezi! Tsekerani m'sutikesi kiyi mumange pachitenje, muona ngati atha msanga

Ambewe: Alamuwo akwezeni basi ya ku Malawi mawa lomwe, theka la msanawo lipola 😂

Nankhoma: A Mbewe munthu akulira inu mukuseka? Mayi bwerani kumapemphero Lachinayi, mankhwala achizunguwa amangogonetsa matenda.

Abanda: Mapemphero ayi sitikukana koma wakuba ali m'nyumba momo. Ndanena ine.

Nangozo: A Nankhoma apemphere akumwa mankhwala, musawasiyitse. Zotsekera ndikugwirizana nazo a Banda, koma mwinanso ululu wakula ndiye akumwa moonjeza, zimenezo dokotala ayenera kumva, osadikira tsiku la pakhadi. Lembani m'kope nthawi iliyonse mwamwa mupite nalo. Mufunsenso ku Island Hospice, alipo kuno ku Harare kuyambira 1979, ntchito yawo ndi yothandiza anthu a ululu wa matenda aakulu ndipo anamwino awo amayendera odwala m'makomo.

Membala wosadzitchula: Zikomo nonse. Mwana wanga ali giredi 5 a Banda, musamuipitsire mbiri. Alamuwo lero adya ndiwo zonse za madzulo. Ine chimene ndikufuna ndi tulo basi, moti masiku ena ndimaonjezera timapilitsi togonetsa tomwe amandigawira aneba.

Abanda: GIREDI 5 YOMWEYO MAYI, masiku ano amayamba ali aang'ono!! Nanga alamuwo mwawafufuza?

Nangozo: Mayi imani kaye, timapilitsi tanji? Togonetsa kapena mowa mukaphatikiza ndi mankhwala amenewa kupuma kumatsika munthu ali mtulo, ena sadzuka. Usiku uno musaphatikize, mawa mupite nato kuchipatala akatione. Ndipo dzina la mankhwala aja simunandiuzebe, jambulani botololo mubise dzina lanu munditumizire ku inbox.