Kamtengo kandiwo komwe ndinapatsidwa, dzina lake ndi chani kodi?

Mayi_wa_kuseri: Anthuni ndithandizeni. Mayi ena akumvano kwathu anandipatsa timitengo todula ngati mbewu ya chinangwa, akuti kabzaleni izi simudzagulanso masamba kumsika. Dzina sanandiuze amangoti "masamba aja", pano anapita kwa ana awo ku Joni ndiye foni yawo sikupezeka. Ndinabzala m'mbali mwa fensi nthawi yadzinja, pano kanditalika kale. Masamba ndi aakulu obiriwira bwino, ogawikana ngati apapaya koma ocheperako, ukathyola pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Kuphika ndikuopa ine, ndili ndi ana aang'ono.

Wa_ku_Ntcheu: Umenewo ndi mpira mayi, chigwada cha mpira chija, ife kumudzi timachita kutchingira mpanda. Sinjani mumtondo muwiritse bwinobwino, kansinjiro pang'ono basi mudzandiuza kkkk

Mlimi_wapadimba: Ayi achimwene musafulumire kuwaphikitsa anthu zinthu musanazione. Mitengo yamtundu umenewu imafanana kwambiri ndipo ina ndi poizoni weniweni. Pali nsatsimanga, jatropha uja ankalimbikitsa kuti tizipangira mafuta, nayenso amabzala chodula m'mipanda, njere zake zakuda ana amatola kumadya ngati mtedza kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba mpaka kuchipatala. Kungoti utomoni wake sukhala woyera kwenikweni, umakhala wamadzimadzi. Mayi tatiuzani, maluwa akutuluka otani? Zipatso zilipo? Nanga thunthu?

Mayi_wa_kuseri: Timaluwa toyera ting'onoting'ono tounjikana kunsonga, zipatso sindinaonepo olo chimodzi. Nthambi zake zonenepa zofewa, kuthyola ndi manja zimangoti phwa

Anambewe_a_maluwa: Eee ndiye ameneyo ndi chaya asisi, ndili naye pakhomo. Mpira khungwa lake limakhala loderako lomasupuka ndipo umabereka njere, pomwe chaya wobzala pakhomoyu nthawi zambiri sabereka nkomwe, nchifukwa chake amangoyenda popatsana timitengo ngati momwe munapezera inumo. Kwawo ndi ku Mexico, dera la Yucatán, anthu achi Maya akhala akudya kuyambira kalekale. Ndi banja limodzi ndi chinangwa, nsatsi komanso jatropha yemweyo ndiye enawa sanasochere patali.

Ndiwo zake ndi zabwino zedi koma chonde osadya osaphika, olo kufinya juwisi ngati momwe ena akuchitira ndi masamba ena aliwonse masiku ano. Muli cyanide, poizoni yemwe uja wa m'chinangwa chowawa, amatha ukawiritsa. Ine ndimadula masamba anthete nkuwiritsa mphindi 20 osavundikira kuti nthunzi izituluka, kenako ndimakhetsa madzi ndikuthira tomato, anyezi ndi nsinjiro. Salobodoka ngati bonongwe, amakhalabe olimbako mkamwa ndiye ana ena poyamba amanyinyirika. Pothyola samalani utomoniwo umayabwa, ndipo mtundu wina uli ndi tiubweya toluma, valani kajumbo kumanja. Musamaulekerere kutalika, dulani nsonga ukafika m'mapewa kuti uchite nthambi zambiri, nthambi zomwe mwadulazo ziumikeni pamthunzi masiku angapo musanabzale apo ayi zimaola. Malo odikha madzi saafuna. Koma Okutobala dzuwa lili phwee, repu atakwera mtengo kumsika, iye amakhala ali biriwiri.

China, amati osaphikira mupoto wa aluminiyamu chifukwa ena amatsegula nazo m'mimba.

Wa_ku_Ntcheu: Aaa ndiye mapoto athu ogula kwa osula aja onse si aluminiyamu yemweyo? kkkk mayi kasakeni mphika wadothi kwa agogo

Mlimi_wapadimba: Zikumveka ngati chaya ndithu, komabe ife tangomva m'mawu. Thyolani nthambi yokhala ndi masamba ndi maluwa omwe mukawaonetse alangizi azaulimi akwanuko musanaike pamoto, sikutali.