Geji yakufa ili mu kontena, abwana akufuna kubweretsa yachitatu

Tekinishani wa ku Mpondasi:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Pa saiti pathu kuno ku Mangochi tili ndi ma Troxler awiri, mageji a radiation oyezera compaction (kulimba kwa dothi lotsindiridwa), imodzi inafa chaka chatha sikirini siyaka komanso ndodo yake yolowa m'dothi ikumalimba poitsitsa nde tinangoitsekera mu kontena. Pano abwana apeza ina ku Lilongwe akuti ifike sabata yamawa, koma laisensi yathu ya AERA, bungwe loyang'anira za radiation m'dziko muno, inalembedwa mageji awiri basi ndi ma serial number ake. Abwanawo akuti yakufayo siiwerengedwa poti sikugwira ntchito, mpaka akuti bola tiwapatse anyamata ogula zitsulo aja. Ine mtima ukukana koma ndikusowa poyambira powauza.

Wa labu ya dothi Namwera:
Ayi achimwene musayerekeze. Chafa ndi bolodi ndi batire, koma cesium-137 ili kunsonga kwa ndodoyo idakali moyo, imatenga zaka 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka chabe. Americium ili mkatimo nde osanena, zaka 432. Laisensi imawerenga sosi, zotulutsa radiation ngati zimenezi, zimene mukusunga, kaya makina akuyaka kaya ayi. Yachitatu ikangolowa pa geti mwapyola kale malire.

Mayi wa X-ray:
Za ogula zitsulozo zandiwawa kwambiri. Ku Goiânia ku Brazil mu 1987 anthu anatola makina akale a khansa pa chipatala chosiyidwa nkukagulitsa kwa wogula zitsulo, ataphwanya anapeza ufa wowala buluu, cesium yomweyi, anthu nkumagawana kumakomo poyesa chinthu chamtengo. Anamwalira anthu 4 kuphatikizapo mtsikana wa zaka 6, ndipo oposa 100,000 anachita kukayezedwa. Ija inali sosi yaikulu kutalitali kuposa ya mu geji, zoona, koma anyamata athuwa amaphwanya ndi hamala ali chikhalire pansi, ana akusewera pompo.

Mkulu wopuma wa Monkey Bay:
Ana anga vuto lanuli ndi lomwelo amalimbana nalo osunga ma riyakita a kafukufuku, kungoti awo ndi aakulu. Ndodo ya yureniyamu ikatha ntchito mu riyakita amaiika mu dziwe la madzi kuti izizire, koma mu buku sachotsamo, imawerengedwabe pa mlingo umene laisensi ikulola ndipo a IAEA, bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya, akabwera amafuna nambala iliyonse igwirizane ndi zimene zilipodi. Nde dziwe likadzaza kapena mlingo ukakwana simungalandire zatsopano mpaka zakale zichoke mwalamulo. SAFARI-1 ya ku Pelindaba ku South Africa yakhala ikuyenda kuyambira 1965, ndodo zake zakale amazisamutsira kosungira kouma, m'mapaipi apansi. Ghana mu 2017 itasintha riyakita yake kuti izigwiritsa yureniyamu yochepa mphamvu, yakale ija inabwezedwa ku China komwe inachokera, Nigeria inachitanso chimodzimodzi mu 2018. Pomwe buku linasokonekera ndi ku Kinshasa, ndodo ziwiri zinasowa, imodzi inakagwidwa ku Italy mu 1998 ili m'manja mwa zigawenga zikuitsatsa. Geji yanuyo itengeni ngati ndodo yotha ntchito, njira yake ndi kubwerera kumene inagulidwa.

Tekinishani wa ku Mpondasi:
Zikomo bambo, izi nde ndikawauza mawa. Koma kubwezako ndalama abwana adzakana, ndipo ntchito ya msewu siidikira, ma layer akudikira kuyezedwa.

Wa labu ya dothi Namwera:
Bwererani kaye ku sand replacement, kuyeza pokumba kadzenje nkuthiramo mchenga, imachedwa inde koma injiniya amaivomera, ife tinayenda nayo miyezi iwiri. Mbali inayi lemberani AERA kalata, muikemo ma serial onse atatu, munene kuti imodzi ndi yakufa mukupempha kusintha laisensi. Wogulitsa geji yatsopanoyo mufunseni ngati angatenge yakaleyo, musanalipire ndi pamene amamva msanga. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 muwawonetse abwana akhale aliwona ndi maso.

Mayi wa X-ray:
Mwati ndodo ikulimba? Chonde musaikakamize, musasuzumirenso kunsi. Mwina matope anauma pa shutter, chotsekera sosi kunsiko, nde sikutseka bwino. Muli ndi survey meter, mita yoyezera radiation? Yezani kunja kwa bokosi lachikasu losungiramo gejiyo mulembe mu buku ndi deti, komanso leak test, yoona ngati sosi ikudontha, inachitika liti komaliza. Kontenayo isakhale kumunsi, mukukumbuka mmene nyanja inakwerera mu 2024.

Tekinishani wa ku Mpondasi:
Amayi survey meter tilibe, ndipo ndapita kukaona pompano bokosi lilibe loko, alonda amakhalira pomwepo usiku akamabisala mvula.

Mkulu wopuma wa Monkey Bay:
Loko mugule lero lomwe, kiyi akhale ndi inu nokha, alonda muwapezere pena pokhala. Mita ndili nayo yobwereka, ndibwera nayo Lachinayi m'mawa, ndikadutsa pa Chimwala ndikuimbirani.