Thandizeni, kodi Código Penal (buku la malamulo a milandu ndi zilango) ilipo m'Chinyanja?

Moni nonse abale. Ndili ku Ulongue kuno ku Angonia m'dziko la Mozambique, mphwanga anamugwira sabata yatha akuti anaba mbuzi ziwiri, ndiye ndikufuna ndimvetse lamulo lake tsiku la khoti lisanafike. Ndinaika Código Penal pafoni koma Chipwitikizi chake ndi chovuta zedi, ndinayamba ndi ya 2014 kenako ndamva kuti inasinthidwa ndi lamulo la 2019 lotchedwa Lei 24/2019, mutu wangozungulira. Kwa amfumu ndinapitako, akuti nkhani ikafika kupolisi iwo salowererapo. Papepala alemba furto (kuba wamba) koma mwini mbuzi akukakamira kuti ndi roubo, chonsecho roubo ndi pamene waopseza kapena kumenya munthu, mphwangayo sanakhudze aliyense. Kodi pali kabuku kachidule kofotokoza malamulowa m'Chinyanja? Kapena amene akudziwa kusiyana kwa zilango zake andiuzeko chonde, amayi sakugona.