Za sukulu ya mwana wanga ija: ndapita kukaona

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kumulembetsa mwana wanga wa zaka 5 pa kasukulu kapulaiveti ka m'dera lathu, komwe kali ndi sukulu ya mkaka ndi pulaimale mpanda umodzi. Ambiri munandiuza kuti ndisatengeke ndi yunifolomu, ndikafunse kaye mapepala. Zikomo kwambiri, ndinatero.

Ndinapita Lachiwiri m'mawa osapangana nawo. Aphunzitsi aakulu sanachite mantha, anatulutsa satifiketi ya ku Unduna wa Zamaphunziro n'kundipatsa m'manja. Koma apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu: sukuluyi ilibe nambala ya senta ya MANEB, ndiye ana a Sitandade 8 mayeso a PSLCE amakalembera pa sukulu ina yoyandikana nayo. Akuti kalembera amachita okha, makolo savutika. Kwa ife zili patali, komabe ndasangalala kuti ananena poyera.

Chimene chandigwira mtima ndi kalasi ya ana aang'ono. Ndinawerenga ana 19 atakhala pa mphasa, akuwerengera ndi zitsekerero za mabotolo. Kamnyamata kena kanataya phala, mayi wowasamalira anagwada n'kukapukuta pakamwa ndi chitenje chake, osakalipa ngakhale pang'ono. Zimbudzi nazo ndinasuzumira, za ana a mkaka ndi zapadera, ndipo panja pali ndowa ya mpopi ndi sopo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti aphunzitsi awiri anachoka chaka chathachi. Ndalipira teremu imodzi yokha, mwana wanga ayamba mu Seputembala, ndipo ndizikawona makope ake Lachisanu lililonse.