Pabwalo laling'ono ndibzale mango, peyala kapena ndimu?

Nambewe, Area 49:

Moni nonse. Tinasamukira m'nyumba yathu mwezi wa Seputembala, ndipo kuseri kwatsala malo a mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, pakati pa khitchini ndi mpanda wa njerwa. Pangodya ina pali thanki ya zonyansa za kuchimbudzi, komanso chingwe choyanikapo zovala chinadutsa pomwepo. Ndikufuna mtengo umodzi wa zipatso woti ana azikhala pamthunzi wake, koma pakhomo pano sitikumvana: bambo a kunyumba akuti mango, poti ndi amene anakula nawo kwawo ku Salima, pomwe ine mtima uli pa mapeyala ndikaona mmene akudulira pamsika. Dothi ndi lofiira, la katondo, ndipo madzi ndi a pampopi, olipira. Ndithandizeni maganizo mvula isanakhazikike.

Phiri wa ku Likuni:

Mayi Nambewe, musanafunse za chipatso chimene mumachikonda, tengani chingwe muyese mtunda wochoka pakati pa malowo kufika pakhoma la nyumba, pampanda ndi pathankipo, chifukwa ndi muyeso umenewo umene usankhe mtengo. Mango amene bambo akukumbukira ku Salima, kaya ndi maboloma kaya ndi kalisere, ndi mitengo yomera kuchokera ku njere, ndipo ikakula imatha kupitirira mamita 15 kutalika, nthambi n'kuphimba denga lonse. Pamudzi zimenezo ndi dalitso, koma papuloti ya m'tauni masamba amadzadza m'ngalande za denga, mizu imatukula simenti ya pakhonde, ndipo aneba amayamba kudandaula za nthambi zolowa kwawo.

Ngati ndi mango ndithu, gulani mbande yomezanitsa, monga Kent, Keitt kapena Tommy Atkins. Yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4, pomwe ya njere imakudikiritsani zaka 6 kapena kuposerapo, ndipo mukamaitengulira chaka chilichonse mukangotha kuthyola zipatso, mutha kuisunga pamsinkhu wa mamita 4. Ine ndikanasankha Keitt, pachifukwa chimodzi chokha: mu Disembala mango amatayika paliponse muno mu Lilongwe, ndowa yonse n'kumagulidwa motchipa, ndiye palibe nzeru kuti mtengo wanu umodzi uzipsa nthawi yomweyo. Keitt amachedwa kupsa, ndipo mumadya anu pamene a m'misika atha kale. Samalani kokha kuti khungu lake limakhalabe lobiriwira ngakhale atakhwima, motero ana osazolowera amawasiya mpaka agwe okha.

Nabanda, Area 25:

Ndikulankhula ngati munthu amene peyala linamuphunzitsa mwambo. Ndinadya peyala lokoma kwambiri lochokera ku Thyolo, ndipo njere yake ndinaikwirira kuseri kwa bafa, ndili ndi chikhulupiriro choti ndidzakolola lofanana nalo. Ndinadikira zaka 9. Mtengo unakula kuposa denga, koma zipatso zitabwera zinali zamadzimadzi, zodzadza ndi mitsitsi, njere yaikulu ngati chibakera. Mtengo wa njere subwereza makhalidwe a mayi wake, n'chifukwa chake a zaulimi amalimbikitsa mitundu yomezanitsa monga Hass ndi Fuerte.

Komabe ngakhale lomezanitsa, pamalo amene mwafotokozawo sindingalimbikitse. Mizu ya peyala imayenda pamwamba penipeni ndipo imadana ndi chidikha. Madzi akangoima kwa masiku angapo mu Januwale kapena Febuluwale, mizu imawola, masamba amachita chikasu, nsonga za nthambi n'kuyamba kuuma. Kuseri kwa nyumba n'kumene madzi onse a padenga amathera. Ndiye kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, pamene kuno kumakhala gwa, mtengo womwewo umafuna kuthiriridwa mosadumphitsa, apo ayi umayoyola maluwa ndi tizipatso tating'ono. Ndi madzi olipira, muwerengere bwino.

Mphunzitsi wopuma, Kawale:

Ndikugwirizana ndi a Phiri pa nkhani ya muyeso, koma ndikusiyana nawo pa yankho. Pa mamita 8 ndi 6, mtengo mukauika pakati penipeni utalikirana ndi khoma mamita 3 okha mbali ina, ndipo kwa mango zimenezo n'zochepa, pokhapokha ngati pakhomopo pali munthu amene sadzaiwala kutengulira chaka ndi chaka, chinthu chimene ambiri timalonjeza pobzala pokha. Ine ndinganene ndimu. Mtengo wake kawirikawiri suposa mamita 5 kapena 6, mizu yake sivuta maziko ngati ya mitengo ikuluikulu, ndipo ukamalandira madzi, ngakhale otsukuluzira mbale opanda sopo wambiri, umabala kwa miyezi yochuluka pachaka. Wanga ndinaubzala pafupi ndi mpopi. Mayi a kunyumba amathyola pofuna kutsukira nsomba, ndipo nthawi ya chimfine mu Juni aneba amagogoda pageti ndi kambale. Mthunzi wake ndi wochepa ndipo uli ndi minga, zimenezo ndivomere.

Podikira, ikani mapapaya atatu m'mbali mwa mpanda. Amabereka chaka chisanathe kapena chitangotha, ndipo ndanena atatu chifukwa ena amatuluka aamuna, amene amangochita maluwa olendewera popanda chipatso. Mabulosi okha musayerekeze: mbalame zikadya, zovala za pachingwe zija zisanduka zofiirira.

Nambewe, Area 49:

Zikomo kwambiri nonse. Tayesa madzulo ano, ndipo pamalo otalikirana kwambiri ndi thanki pali mamita 4 kufika pakhoma la khitchini. Bambo avomera Keitt atamva zoti adzadya mango pamene a anzawo atha kale, ndipo alonjeza pamaso pa ana kuti kutengulira ndi kwawo. Ine nditenga ndimu pafupi ndi mpopi. Chatsala ndi kabzalidwe, makamaka poti chiswe chilipo chambiri.

Phiri wa ku Likuni:

Kumbani dzenje tsopano, masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya, ndipo dothi lapamwamba muliike padera. Mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana bwino, chifukwa ndowe zaziwisi ndi zinyalala zosawola n'zimene zimaitana chiswe, kenako mukwirire kuti dothi likhazikike. Mubzale mvula ikagwa yokwanira mu Disembala, pamene nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo ndipo mbande zimapezeka zambiri. Pogula onetsetsani chipsera cha pomezanitsira, ndipo pobzala chikhale pamwamba pa dothi, pafupifupi chikhatho chimodzi. Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa chipseracho muziithyola ikadali yanthete, chifukwa mukailekerera imapondereza Keitt uja, ndipo mudzapezeka mukulera mango wamba. Udzu wophimbira usakhudze thunthu.